Chichewa chakuya pa macheza a tsiku ndi tsiku: mafunso ndi mayankho

Ndinaphunzitsako Chichewa kwa zaka zingapo, ndipo masiku ano ntchito yanga yambiri ndi yomasulira zolembedwa: timapepala ta kuchipatala, zidziwitso za alimi, nthawi zina makalata a mabungwe. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amandipeza kawirikawiri, ena kuchokera kwa ophunzira akale, ena kwa makolo, ena kwa anthu amene tangokumana pa ukwati kapena pa maliro n'kuyamba kukambirana za mmene wina wayankhulira.

Kodi mawu akuya ndi ati kwenikweni?

Palibe liwu limene linabadwa lili lakuya. Kuya kwake kumakhala m'khutu la amene akumva. Kwa agogo a ku Dowa amene amaphika pa mafuwa tsiku lililonse, nkhali, chipande ndi chidulo ndi mawu a m'mawa uliwonse, ngati madzi ndi mchere. Mwana wokulira ku Namiwawa, kumene amaphikira pa magetsi, mthiko amaudziwa, koma mukati nkhali kapena chidulo amangoti kakasi.

Ena ndi mawu a zinthu zimene zikutha pang'onopang'ono, monga gowelo, kuka, mphala ndi nsupa. Ena ndi a dera limodzi: amene wina amawatcha amalume, mnzake wa m'chigawo chapakati amati atsibweni. Ena timakumana nawo m'mabuku ndi pa wailesi koma osati kumsika, monga lamya, chikwi ndi mtanthauziramawu. Ndiye pali Chingerezi chija cha mawu ataliatali chimene ena amathira m'Chichewa pa msonkhano. Zonsezi womvera amazilandira mofanana: wamva liwu limene sanalizolowere, ndipo ayenera kusankha pakati pa kufunsa ndi kungogwedeza mutu.

Bwanji osangoyankhula mawu amene aliyense akuwadziwa?

Chifukwa nthawi zambiri liwu losazolowerekalo limasenza katundu amene liwu lodziwika silingamuthe. Tumani mwana kumsika kuti akagule masamba, mudzaona. Kumsikako kuli nkhwani, kholowa, khwanya, chitambe, chigwada, bonongwe, chisoso, luni, ndipo zonsezi zili ndi kaphikidwe kosiyana. Chigwada n'chofunika kusinja, nkhwani n'ngofunika kusadzula. Wodziwa mayina amagula chimene wachifuna, wosadziwa amangoloza ndi chala.

Msodzi wa ku Nkhotakota kapena ku Senga Bay sanena kuti kuli mphepo basi. Amati kuli mwera, uja wochokera kummwera umene umakalipa m'miyezi yozizira, kapena kuli mpoto, kapena vuma. Dzina la mphepo ndi limene limamuuza ngati akankhe bwato kapena akhale pagombe azisoka ukonde.

Koma pamene zimandikhudza kwambiri ndi pa ubale. Pa chinkhoswe china chimene ndinakhalapo, mnyamata atafunsidwa kuti wabwera ndi ndani, anati, "Ndabwera ndi ankolo anga." A kuchikazi anayang'anana. Mayi wina wachikulire anafunsa mofatsa, "Ankolo ake ati, mwanangu? Alongo awo a mayi ako, kapena ang'ono awo a bambo ako?" Anali ang'ono awo a bambo ake. Kwa Achewa amenewo ndi abambo aang'ono, olemekezeka ndithu, koma mwinimbumba ndi malume, ndipo mawu amene a kuchikazi ankadikira anali a malumewo. Nkhani inaima mpaka anaimba foni kumudzi. Liwu limodzi lobwereka linali litakwirira anthu awiri a maudindo osiyana.

Koma ena amangofuna kudzionetsera. Si choncho?

Alipo, ndipo sindiwaikira kumbuyo. Ndinakhalapo pa maliro ena pamene woyankhula m'malo mwa banja anaunjika miyambi, zining'a ndi mikuluwiko motsatizana kwa nthawi yaitali. Anthu ankagwedeza mitu moyamikira. Atakhala pansi, amene ndinayandikana naye anandinong'oneza, "Kodi anena kuti malemu anadwala chiyani? Nanga kumanda tinyamuka nthawi yanji?" Zimene anthu anabwera kudzamva zinali zitamira. Kusukulu zinthu zimenezi timazitcha nsinjiro za chiyankhulo, ndipo amene anapereka dzinali anaganiza bwino, pakuti nsinjiro zimathiridwa m'ndiwo, sizidyedwa pazokha ndi nsima.

Chimodzimodzi ndi mlangizi amene wafika pa msonkhano wa chitukuko m'mudzi, n'kumayankhula Chichewa chodzaza ndi mawu a ku ofesi. Anthu amawomba m'manja mwaulemu, koma akabwerera kunyumba palibe amene angafotokoze kuti mjigo ukumbidwa liti ndipo iwo asonkhe chiyani.

Muyeso umene ndimagwiritsa ntchito ndi uwu. Wina akakudulani n'kufunsa kuti mawu mwanenawo akutanthauza chiyani, mtima wanu umatani? Wokonda mawu amakondwa, chifukwa wapeza woti amugawireko. Wodzionetsera amakhumudwa, chifukwa ankafuna liwulo likhale lake yekha.

Ndi pati pamene ndiyenera kuwapewa?

Pa ndalama, pa mankhwala, pa milandu, ndi pa chenjezo la ngozi. Apa cholakwika chimodzi chimawononga zambiri. Ine ndimakonda mawu akuti zana ndi chikwi, koma sindingauze wogulitsa tomato kuti ndimupatsa zikwi ziwiri ndi mazana asanu. Ndimati thu sauzande faivi handiredi, iye amamva, chenji chimabwera cholondola. Pomasulira kapepala ka mankhwala, ndikakhala ndi mawu awiri, okoma ndi omveka, ndimatenga omveka nthawi zonse. Mayi amene akuwerenga kapepalako usiku ndi kuwala kwa foni, mwana akutentha thupi, alibe woti amufunse.

Komabe musafulumire kuganiza kuti liwu lomveka ndi latsopano nthawi zonse. Pamene namondwe wa Freddy anasakaza chigawo chakummwera mu March 2023, miyala ndi matope zitatsika m'mapiri a ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, akuluakulu ambiri ankati kwadutsa napolo. Liwu limeneli ndi lakale, ndipo likukumbutsa zimene zinachitika ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Kwa munthu wokhala m'munsi mwa phiri la Michesi, napolo ndi liwu limene lingamudzutse pa mphasa msanga kuposa chiganizo chachitali cha akatswiri a zanyengo.

Nanga ngati ine ndi amene sindikumva mawu a ena?

Funso limeneli anthu safunsa kawirikawiri, koma ndi lofunika kwa aliyense wogwira ntchito ndi anthu. Tsiku lina ndili pa mzere ku chipatala china, mayi wachikulire anafika pawindo ndi mpongozi wake. Anati, "Mwanayu ngwodwala, ndiye ndati adzayambe sikelo." Mnyamata wolemba mayina anafunsa mokweza, "Akudwala chiyani? Malungo?" Mayiwo anayang'ana pansi. Pa benchi panali abambo ambiri, ndipo iwo sakanatha kutchula za mimba ya mpongozi wawo pamaso pa amuna. Namwino amene ankadutsa ndi amene anamva msanga, anangowagwira dzanja n'kulowa nawo mkati.

Mayiwo sanayankhule mozungulira mwadala. Anayankhula mwaulemu monga anaphunzirira: woyembekezera ndi wodwala, akabereka wachira, zikavuta wapita padera, ndipo masiku oyamba mwana ali m'chikuta. Wogwira ntchito kuchipatala, ku polisi, ku khoti kapena mu ofesi ya zaulimi amene sadziwa mawu otere amachititsa anthu manyazi popanda kudziwa. Kwa iyeyo kuphunzira Chichewa chakuya si zokometsera ayi, ndi mbali ya ntchito.

Kodi liwu lakale likhoza kubwereranso m'kamwa mwa anthu?

Kwambiri, ndipo tili nawo ambiri amene timawatchula osadziwa kuti anachokera kutali. Phungu anali munthu woyang'anira ndi kulangiza namwali pa chinamwali, lero ndi amene timamusankha kuti akatiyankhulire ku Nyumba ya Malamulo. Nduna inali ya mfumu isanakhale ya boma. Kachisi anali wa makolo, monga uja wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje, kenako liwulo linalowa m'mapemphero a Akhristu pamodzi ndi nsembe ndi guwa. Mpamba inali ndalama yoyambira geni, ndipo TNM itatcha dzinali njira yake yotumizira ndalama pa foni, ngakhale ana aang'ono anayamba kulitchula. Mliri linali liwu limene achinyamata ambiri ankangokumana nalo m'Baibulo, koma kuyambira mu 2020, Covid-19 itafika, linakhala la tsiku ndi tsiku. Tsamba linachoka pa mtengo kupita m'buku, lero tikunena za masamba a mchezo.

Ena amalephera, kapena amangofika pakati. Owerenga nkhani pa wailesi akhala akunena lamya ya m'manja kwa zaka zambiri, koma m'minibasi aliyense amati foni. Mmene ndimaonera, liwu limabwerera likakhala lalifupi, likapeza ntchito yeniyeni yoti ligwire, ndiponso anthu akamalimva mobwerezabwereza kwa amene amawakhulupirira. Lamya anapeza foni itakhazikika kale pampando.

Ndani amagamula kuti ichi ndi Chichewa chenicheni?

Mu 1968, msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress Party unagwirizana kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha dziko pambali pa Chingerezi, ndipo dzina lakuti Chinyanja linasiyidwa ku Malawi. Mu 1972 kunakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board kuti lizikonza malamulo a kalembedwe ndi kuwongolera kagwiritsidwe ntchito ka mawu. A msinkhu wina akukumbukira mmene Kamuzu Banda, poyankhula Chingerezi pa misonkhano, ankadulira womumasulira n'kumukonzera Chichewa pagulu. Bungwe lija litatha, mu 1996 kunabwera Centre for Language Studies pansi pa University of Malawi ku Zomba, ndipo iwo ndi amene anatulutsa mtanthauziramawu wofotokoza mawu a Chichewa m'Chichewa chomwecho.

Ntchito imeneyi inatithandiza kuti tizilemba mofanana. Koma inasiyanso chilonda chimene ndimachionabe: anthu ambiri anakula akuganiza kuti Chichewa cha m'chigawo chapakati ndiye chokhacho cholondola, ndipo mawu a Amang'anja a m'chigwa cha Shire, a Anyanja a m'mbali mwa nyanja, a ku Tete ndi Niassa ku Mozambique kapena a ku Chipata ndi Katete ku Zambia ndi olakwika. Sindivomereza zimenezo. Mtanthauziramawu wamkulu umene David Clement Scott wa ku mishoni ya Blantyre anatulutsa mu 1892 unali wa Chimang'anja. Mnzathu wa ku Lusaka akamati manje pamene ife timati tsopano, kapena manzi pamene timati madzi, akuyankhula monga amayankhulira kwawo, ndipo kwa iye liwu lachilendo likhoza kukhala lathulo.

Ndiye tisiye mawu obwereka kuti Chichewa chiyere?

Ayi. Nsapato, mbatata, kalata ndi kapitawo ndi mawu amene tinatenga kwa Apwitikizi kalekale, ndipo palibe amene amawaona ngati alendo. Sukulu, buku ndi sopo tinatenga ku Chingerezi. Vuto silili pa kubwereka. Lili pamene liwu lobwereka lameza mawu angapo athu amene ankasiyanitsa zinthu, monga anachitira ankolo aja.

Kodi Chichewa cha m'tchalitchi n'choyenera pa macheza wamba?

Buku Lopatulika linatuluka lathunthu mu 1922, ndipo mibadwo ingapo yaphunzirira kuwerenga m'menemo. N'chifukwa chake mawu ngati indetu, pakuti ndi taonani amamveka olemera m'makutu mwathu. Mu 1998 kunatuluka Buku Loyera, lolembedwa m'Chichewa cha lero, chifukwa omasulira anaona kuti mawu ena akale sankamvekanso kwa ambiri. Pa guwa, pa pemphero kapena popepesa anamfedwa, mawu akalewo ali pamalo pake. Pokambirana za mtengo wa feteleza amamveka ngati mwavala jekete la ukwati popita kudimba.

Ndingaphunzire bwanji mawu otere?

Musakhazike agogo pa mpando n'kuwauza kuti akuuzeni mawu akale. Adzakupatsani atatu kapena anayi kenako adzati aiwala. Khalani nawo pamene akugwira ntchito. Posinja mudzamva mphale, gaga ndi kukonola. Pomanga nkhokwe, pofolera denga, powumba mbiya, pofutsa ndiwo, mawu amatuluka okha chifukwa chinthucho chili m'manja. Pitani pa bwalo la mfumu tsiku la milandu mukamve mmene nduna zimafunsira mafunso. Mverani nkhani za m'Chichewa pa wailesi, ndipo pa maliro tcherani khutu pamene a mfumu akuyankhula.

Liwu mukalimva, lilembeni pamodzi ndi chiganizo chonse chimene linabweramo, ndi amene analinena, ndi kumene amachokera. Liwu lopanda chiganizo chake limakusocheretsani. Kenako funsani munthu wachiwiri, makamaka wa dera lina, chifukwa tanthauzo limatha kusintha mukangowoloka mtsinje. Mtanthauziramawu ndi wothandiza potsimikizira, koma sungakuuzeni ngati liwulo n'loyenera kulitchula pamaso pa apongozi. Paja safunsa anadya phula.

Ndingalilowetse bwanji liwu lotere m'macheza popanda kuoneka ngati ndikuphunzitsa?

Liikeni pafupi ndi chinthu chake. Mukati kwa mwana, "Tenga chipande icho tiomole nsima," muli chiloze, simufunikanso kufotokoza. Mukati, "Usataye mkutewo, tidya mawa ndi tiyi," wamva kale kuti mkute ndi chiyani. Pamene palibe choloza, liperekezeni ndi mnzake wodziwika: kunja kuli chiperoni, kamvula kaja kowaza kozizira. Mwanena kamodzi, mwapitiriza nkhani yanu. Ndipo likhale limodzi pa nthawi. Mawu atatu achilendo m'chiganizo chimodzi amatseka khutu.

Poyambira pabwino ndi mvekero, chifukwa umadzimasulira wokha. Maso ali psuu, kunja kuli bii, m'nyumba muli zii, wakhala ndwii, ana athawa balala. Ngakhale amene sanaumvepo amaona chithunzi nthawi yomweyo, ndipo palibe amene angakuneneni kuti mukudzikweza. Chimandimvetsa chisoni n'chakuti ophunzira ambiri amaopa kulemba mvekero m'chimangirizo poganiza kuti ndi Chichewa cha kumudzi, chonsecho ndi pamene chiyankhulo chathu chili ndi mphamvu kwambiri.

Kodi pali mawu amene ndi bwino kuwasiya ngakhale ndikuwadziwa?

Alipo. Ena ndi osowa osati chifukwa aiwalika, koma chifukwa eni ake amawasunga. Mawu a kudambwe ndi a Gule Wamkulu, a ku tsimba ndi a anamwali ndi anamkungwi awo. Mukawatola penapake n'kumawatchula pa bawo kapena pa Facebook kuti anthu aone kuti mumadziwa, mwalakwira anthu, ndipo m'midzi ina ukhoza kukhala mlandu.

Ena ndi ofunika kusamala nawo chifukwa ali ndi nkhope ziwiri. Adzukulu pa khonde ndi ana a ana anu, koma pa maliro ndi okumba manda. Mukamva kuti mfumu yagona, musafunse kuti idzuka nthawi yanji. Ndipo pa siwa timati malemu, timati atisiya, timati atsikira kuli chete. Liwu lakuti wafa lilipo ndipo aliyense amalidziwa, koma pamenepo lodziwikalo ndi limene limabaya.

Ana anga akukulira kunja ndipo Chichewa amangochimva pang'ono. Kodi ndiwavutitse ndi mawu akuya?

Makolo a ku Johannesburg, Harare ndi Manchester amandifunsa zimenezi. Yambani ndi a m'nyumba, ndipo musawasankhire ophweka okhaokha. Mwana sadziwa kuti liwu ili ndi lakuya, kwa iye onse ndi atsopano mofanana. Ngati mukuphika nkhwani wotendera, nenani choncho. Akamayankhula pa foni ndi achibale, muwauze kuti awa ndi azakhali, awa ndi amalume, awa ndi amayi aakulu, uyu ndi msuweni wako. Tsiku limene adzapite kumudzi adzadziwa woti amugwadire ndi woti aseleulane naye.

Nanga mawu a achinyamata a pa WhatsApp?

Kwa agogo, bho, dolo ndi shasha ndi mawu akuya ngati mmene gowelo alili kwa mdzukulu. Ambiri mwa mawu otere amakhala zaka zochepa n'kuzimirira, koma ena amakhazikika. Kaunjika, kabaza ndi banki m'khonde sanachokere ku bungwe lililonse, anabadwira pamsika ndi m'midzi, ndipo lero ali m'nyuzipepala. Wachinyamata azingodziwa kuti moni wa kwa mnzake si wa kwa apongozi.

Pali mawu amene inuyo mumalakalaka atabwerera?

A nthawi. Tisanayambe kuyang'ana pa foni, tsiku linali ndi mayina ake: tambala woyamba, mbandakucha, dzuwa lili paliwombo, dzuwa litapendeka, chisisira, nkhuku zikulowa. Agogo anga aakazi sankadziwa kuwerenga wotchi, koma sanachedwepo pa chilichonse. Ndikamapita kukasewera kudambo ankati, "Chisisira chisakupeze kutsidya." Ndinkadziwa bwino lomwe nthawi imeneyo: kuwala kukadalipo koma nkhope ya munthu wobwera patali siikuzindikirika, utsi wayamba kutuluka m'makhitchini, mbuzi zikulira pakhomo la khola.

Chaka chatha mdzukulu wa achemwali anga anabwera kudzakhala nafe pa tchuthi. Madzulo ena akutuluka ndi mpira wake wa mapepala ndinamuuza mawu omwewo. Anaima pakhomo n'kufunsa kuti chisisira ndi ndani. Ndinamuuza kuti adikire, ndimuonetsa. Tinakhala pa khonde mpaka phiri linayamba kuda, ndipo nditamulozera anati, "Ooh, ndi sikisi koloko." Ndinati lero inde, koma mu June chimafika msanga, mu December chimachedwa. Mawa lake anabwera akuthamanga, fumbi lili mbuu m'miyendo, akufuula ali pa geti kuti wachipambana chisisira.